Jessica Fletcher wa m'mabuku

Anzanga okonda nkhani za ofufuza milandu, kodi mukudziwa kuti Murder, She Wrote ili ndi mabuku ake? Sewero lija la Angela Lansbury linatha pa TV mu 1996, koma mabuku akutulukabe. Pachikuto amalembapo ngati mlembi Jessica Fletcher, mayi wongopeka wofufuza milandu m'sewerolo, pambali pa mlembi weniweni monga Donald Bain, amene analemba ambiri kuyambira 1989.

Ndangomaliza limodzi. Mulibe zoopsa zokusowetsa tulo: munthu waphedwa, mayi aja akufunsa mafunso ngati sakudziwa kanthu, kenaka wakuphayo wadzigwiritsa yekha ndi kamawu kamodzi. Ndinamutulukira ndisanafike pakati, komabe sindinalisiye.

Chondidabwitsa ndi Cabot Cove, katawuni kawo kongopeka ka ku Maine, ku America. Maliro onsewo, anthu osasamukako bwanji?