Batire linandifera m'munsi mwa phiri la Cumorah

Munthu woti anakwerapo Mulanje sangalitche phiri ili. Ndi kachitunda chabe, mphindi khumi wafika kale pamwamba pomwe pali chipilala cha Moroni, mngelo amene a mpingo wa Mormon amati anaonekera kwa woyambitsa mpingo wawo. Koma m'munsi mwakemo ndi momwe galimoto yokalamba ya mnzanga wa ku Rochester inandikanira kulira madzulo ena mu Okutobala, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Cholakwa chinali changa, ndinasiya nyali zikuyaka.

Chinandipititsa ku Palmyra, kumpoto kwa dera la New York, ndi amishonale a mpingowo, anyamata aja a malaya oyera ndi mabaji pachifuwa amene timakumana nawo m'misewu ya ku Blantyre. Ndinkafuna ndione kumene nkhani yawo inayambira. Kuchokera ku Rochester ndi ulendo wa theka la ola kapena kupitirira pang'ono. Kulowa m'malo onse a mbiri ya mpingowu ndi ulere, koma pitani pa galimoto chifukwa ndi otalikirana.

M'tawunimo muli mphambano ina yomwe ili ndi matchalitchi anayi, lililonse pakona pake. Anamangidwa pambuyo pake, komabe ukaima pamenepo umamvetsa chimene chinasokoneza Joseph Smith, woyambitsa mpingowu, ali ndi zaka 14, mipingo ikulimbirana anthu. Akuti atawerenga Yakobo 1:5 anakapemphera m'nkhalango mu 1820, ndipo anaona Mulungu Atate ndi Yesu ngati anthu awiri osiyana, nauzidwa kuti asalowe mpingo uliwonse. Nkhalangoyo ndinayendamo. Ndi mitengo basi, ndi masamba ofiira oyoyoka, koma anthu amalankhulamo monong'ona.

Chinandigwira mtima kwambiri ndi nyumba yosindikizira mabuku ya Grandin, komwe Buku la Mormon linatulukira mu 1830, makope 5,000. Mlimi wina, Martin Harris, anapinyolitsa munda wake kuti apeze madola 3,000 olipirira ntchitoyo. Munda, abale! Mkazi wake sanagwirizane nazo, ndipo ine sindikumuimba mlandu. Bukulo amati Smith analimasulira kuchokera pa mbale zagolide zolembedwapo mawu zimene Moroni anamusonyeza paphiri la Cumorah mu 1823, n'kumupatsa mu 1827. Limasimba za anthu amene anachoka ku Yerusalemu n'kukakhala ku America, ndi kuti Yesu anawayendera atauka kwa akufa. Nditafunsa kuti mbalezo zili kuti, anthu a pamalopo anati mngelo anazitenganso. Ndinangoti chabwino.

Ndiye apo ndili chilili pambali pa galimoto, kunabwera bambo wina wachikulire ndi akazi ake, amishonale opuma pa ntchito ochokera ku Utah. Sanafunse zambiri, anangosendeza galimoto yawo n'kutulutsa mawaya. Batire linali litatheratu, tinayenera kudikira. Ine ndi kuzizidwa kuja ndinangolankhula kuti ndikanapeza kapu ya tiyi bwenzi nditatsitsimuka. Mayiwo anaseka. Iwo tiyi samwa, khofi ayi, mowa ndi fodya ndiye osanena. Anandithirira koko wotentha wa m'fulasiki mwawo, m'chivundikiro chake chomwecho, n'kundiuzanso kuti dzina loti Mormon sakulikonda masiku ano, amafuna dzina lonse la Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza.

Anayamba kundifotokozera za akachisi awo, kuti munthu amabatizidwa m'malo mwa makolo ake amene anamwalira, ndiponso kuti banja lomangidwa m'kachisi silitha ndi imfa. Izi sizinandidabwitse kwenikweni. Ife timakula tikudziwa kuti akufa ndi athu ndithu.

Mwina ndi koko uja anandilimbitsa mtima. Ndinafunsa kuti, bambo, nanga bwanji mpaka 1978 munthu wakuda ngati ine samaloledwa unsembe, ngakhale kumanga banja lake m'kachisimo? Anakhala chete akuyang'ana mawaya aja. Kenaka anati iwo anali mnyamata pamene mtsogoleri wawo Spencer Kimball anachotsa lamulolo, ndipo tsikulo analira. Za zaka zonse za m'mbuyomo anati alibe yankho loti lingandikhutiritse. Ndinkayembekezera ulaliki, ndiye yankho lotere linandisowetsa chonena. Ndinangogwira chivundikiro chija ndi manja awiri, zala zikuyamba kumva kutentha, mtima usanasankhe kukwiya kapena kuthokoza.

Injini inalira kachitatu. Ndinatulutsa madola 20, anakana kwamtuwagalu, m'malo mwake anandipatsa buku lawo la chikuto chabuluu n'kundichenjeza kuti ndisazimitse injini mpaka ku Rochester. Ndinawamvera theka. Ndinaima pamalo omwetsera mafuta, injini ili chilirire, n'kugula tiyi wa m'kapu yapepala, madola awiri, wamadzimadzi komanso wopanda mkaka.