Mwachoka mu mpingo wa obadwanso, koma mantha sanachoke

Munthu amatha kusiya kukhulupirira za moto wa Gehena, koma patapita miyezi n'kumadzidzimukabe usiku thukuta lili kamukamu, atalota mkwatulo wachitika iye watsala. Ambiri amatenga zimenezi ngati umboni wakuti analakwitsa kuchoka, kuti Mzimu ukuwatsutsa. Si choncho ayi. Mantha amene munthu wawamwa kwa zaka 10 kapena 20, pa mapemphero a usiku wonse ndi poitanidwa kuguwa, thupi limawaloweza, ndipo thupi limachedwa kuiwala kuposa mutu.

Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Marlene Winell, anatcha vutoli Religious Trauma Syndrome mu 2011, kutanthauza mabala a m'maganizo obwera chifukwa cha chipembedzo. Dzinali silili m'mabuku amene madokotala amagwiritsa ntchito potchula matenda, choncho kuchipatala musalitchule lokha. Fotokozani zimene zikukuchitikirani: kusowa tulo, maloto oopsa, mtima kuthamanga mukamva nyimbo ya kwaya, kulephera kusankha ngakhale kanthu kakang'ono popanda wina wokuuzani kuti ndi chifuniro cha Mulungu.

Yambani ndi mankhwala, chifukwa apa ndi pamene anthu amafera. Ngati mneneri anakuuzani kuti mwachira ndipo munasiya ma ARV, mankhwala a khunyu, a shuga kapena a BP, bwererani kuchipatala sabata ino. Nenani tsiku limene munasiyira, osabisa. Amene anasiya ma ARV ayenera kuonedwa kaye ndi achipatala, chifukwa kumwa modumphadumpha kumapatsa kachilombo mpata wozolowera mankhwala.

Chachiwiri, musathamangire kulengeza kuti mwachoka. Tengani pepala mulembe zonse zimene mpingo wagwira m'moyo wanu: nyumba ya lendi ngati mwini wake ndi mkulu wa mpingo, ntchito, fizi ya ana, banki m'khonde ya amayi a mpingo, makasitomala a bizinesi. Pa chilichonse pezani kolowera kwina musanatsegule pakamwa. Chakhumi chija, 10 pa 100 iliyonse, chiyikeni padera mwezi ndi mwezi mpaka chikwane lendi ndi chakudya cha miyezi 3. Dzanja lidzanjenjemera mwezi woyamba, chifukwa Malaki 3 anakuwerengerani kambirimbiri, ndipo foni ikangowonongeka mudzati ndi temberero. Lembani m'kope zovuta zonse za mwezi umenewo, muyerekeze ndi za miyezi imene munkapereka mokhulupirika. Mafoni ankawonongekanso nthawi imeneyo.

Kwathu kuno pali funso limene a ku America saliganizira kwenikweni: mukadzamwalira adzakuyimbirani ndani? Amayi anu akalira kuti mwabwerera m'mbuyo, nthawi zambiri akulirira zimenezi pamodzi ndi moyo wanu wosatha, ndipo mantha awo ndi enieni. Kulimbana nawo pa mavesi sikuthandiza. Aliyense amatuluka atapwetekeka. Konzani mawu amodzi ofatsa, muziwabwereza osawonjezera: “Amayi, ndamva nkhawa yanu, koma nkhani ya mpingo sindikamba lero.” Pamaliro ndi pa matenda a abale muzipezekabe, muzisonkha nawo. Akafuna kukutengerani kokatulutsa ziwanda, muli ndi ufulu wokana. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limateteza ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo. Magulu a pa WhatsApp a mpingo atsekeni mawu kaye, mudzatuluke mukakonzeka kuyankha mafoni amene adzatsatire.

Mantha akakugwirani, musayambe ndi kuganiza. Pondani pansi ndi mapazi onse, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6, kwa mphindi 3. Kutulutsa mpweya motalika kumatsitsa kugunda kwa mtima. Kenako tchulani zinthu 5 zimene mukuona, 4 zimene mungakhudze, 3 zimene mukumva. Kuwerenga kuli ndi malo ake, koma masana. Zimathandiza kudziwa, mwachitsanzo, kuti chiphunzitso chakuti okhulupirira adzakwatulidwa mwachinsinsi chisautso chisanayambe chinafalitsidwa ndi mlaliki wina dzina lake John Nelson Darby m'zaka za m'ma 1830, ndipo Akatolika ndi mipingo ina yakale sachiphunzitsa. Koma kufufuza za Gehena pa intaneti 2 koloko usiku kumangodyetsa manthawo. Mumapeza mpumulo wa ola limodzi, mawa funso lomwelo labwerera ndi mphamvu.

Pali ena amene vuto lawo ndi lozama: maganizo onyoza Mulungu amangobwera okha, iwo n'kumalapa kambirimbiri pa tsiku poopa kuti achimwira Mzimu Woyera monga pa Marko 3:29. Umenewu nthawi zambiri ndi mtundu wa matenda a maganizo otchedwa OCD, pamene ganizo losafunika limangobwerabwera munthu n'kumakakamizika kubwereza mwambo wina kuti alichotse, ndipo uli ndi chithandizo chake: munthu amaphunzitsidwa kulola ganizolo kukhalapo osachita mwambo wolichotsa, pang'onopang'ono, motsogozedwa ndi katswiri.

Thandizo lilipo ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, komanso kwa anamwino a zamaganizo m'zipatala za m'maboma. Aphungu ambiri ndi anthu opemphera, ndipo si vuto pa lokha. Tsiku loyamba afunseni mosapita m'mbali: “Kodi mungandithandize popanda kundipempherera kapena kundibwezera ku tchalitchi?” Akazengereza, funani wina. Samalaninso ndi aliyense, wopemphera kapena ayi, amene akufuna kulowa m'malo mwa mneneri uja munkamutcha Papa, woti muzimufunsa chilichonse. Ngati maganizo ofuna kudzipha abwera, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Lamulungu m'mawa ndi nthawi imene imapweteka kwambiri m'miyezi yoyamba, chifukwa maola 4 kapena 5 amene munkakhala pakati pa anthu angotsala pululu. Akonzereni zochita kuyambira Loweruka: kudimba, ku mpira, kukaona agogo, chilichonse chokhala ndi anthu ndi nthawi yake yoyambira. Ngati mwasowa kuyimba, yimbani nyimbo zomwezo mukuchapa. Palibe amene anakulandani mawu.