Nyale za mushopu ya alamu, sabata yachitatu pa DIALux

Dzulo ndakhala pa laputopu mpaka cha m'ma 11 usiku, bulangete lili m'mapewa chifukwa chisanu cha kuno ku Dedza mu July simasewera, koma chipinda cha alamu chija tsopano chayamba kuoneka bwino mu kompyuta.

Kwa amene mwangondipeza kumene, alamu anga ndi telala, ali ndi kashopu pa boma, makina awiri aphazi ndi tebulo lodulirapo nsalu. Chipindacho ndi mamita 4 mulifupi, 5 mulitali, njerwa zootcha zosapaka pulasitala, malata opanda siling'i, babu limodzi la 9W lili lendelende pakati. Ikamakwana 5 koloko madzulo amayamba kulowetsa ulusi pa singano mongopapasa, mwina kuyatsa tochi ya foni kuiluma pakamwa. Nditaona zimenezo mtima unandiwawa ndithu, ndiye ndinati imani kaye alamu, tisagule mababu mwachisawawa, ndiyambe ndayesa pa kompyuta.

Pulogalamu ndikugwiritsa ntchito ndi DIALux evo, yopangidwa ndi kampani ya DIAL ya ku Lüdenscheid ku Germany, ndipo yaulere, bando yokha ndi imene inandidya poitsitsa. Palinso ina ya ku Switzerland yotchedwa Relux koma ine ndazolowera iyi. Umajambula chipinda, kuika zitseko ndi mawindo, kusankha mtundu wa khoma, kupachika nyale, kenako iyo nkuwerengera kuwala kumene kukugwa pena paliponse.

Masamu ake poyambira siovuta. Kuwala konse kumene babu limatulutsa amakuyeza mu ma lumen, kumene kukugwa pamalo amakuyeza mu lux, ndipo lux ndi lumen imodzi pa sikweya mita imodzi. Babu la alamu pakatoni analemba pafupifupi 800 lumen, chipinda ndi masikweya mita 20, ndiye olo kuwala konse kukanagwera pansi mofanana chipinda chonse bwenzi ili 40 lux basi. Koma sikugwera konse, kwina kumathera kumalata, kwina njerwa zimameza. Tsono muyezo wa ku Ulaya wa kuwala kofunika pamalo antchito, wotchedwa EN 12464-1, umati pa desiki ya mu ofesi pakhale 500 lux, mukolido 100, ndipo ntchito yosoka 750. Ndiye kuti alamu zaka zonsezi akhala akusoka pa kuwala kosakwana ngakhale theka la kwa mukolido. Ndinangogwira pakamwa.

Sabata yoyamba ndinalakwitsa poganiza kuti chipinda chonse chifike 750. Nditawerengera zinafuna machubu a LED a 18W okwana ngati 20, mukachipinda kamodzi, mayunitsi ake angalipire ndani? Apa ndi pamene ndinazindikira kuti 750 ija ikufunika pamene pali singano ndi pamene sizasi ikudutsa, pakona pamene pamakhala matumba a zidutswa za nsalu sipafunika zonsezo ayi.

Sabata ino ndinalimbana ndi makoma, ndipo apa ndiye pandisangalatsa kwambiri. DIALux ukangoyamba imaganiza kuti siling'i ikubweza 70 pa 100 ya kuwala, makoma 50, pansi 20. Zimenezo ndi za maofesi opentedwa, osati shopu ya alamu. Ndinasintha, njerwa ndinaika 25, kudenga ndinatsitsanso poti malata ake anada ndi utsi wa mbaula imene amaothera nthawi yozizira. Ndi machubu anayi kumwamba, avereji inabwera cha m'ma 130 lux. Kenako osakhudza nyale ngakhale imodzi, ndinangopanga makoma kukhala oyera ngati apakidwa laimu ndikuikapo siling'i yoyera, avereji inakwera kufika cha m'ma 170, ndipo chithunzi chamitundumitundu chija chimene chimaonetsa powala ndi pamdima, makona amene anali bii anayamba kutseguka. Thumba la laimu ndi lotchipa kuposa chubu china chowonjezera, komanso laimu sadya mayunitsi mwezi ndi mwezi.

Nditawaonetsa anayang'anitsitsa nkuti, "Ndiye mukuti alamu, khoma lakhala likundibera magetsi?" Ndinati eya, lakhala likumeza. Loweruka mwana wawo wamkulu ayamba kupaka.

Chovuta chinali mthunzi. Poyamba sindinaike makinawo mu chithunzi, manambala amaoneka okongola zedi, koma nditaumba kabokosi koyimira mutu wa makina ndi kena koyimira munthu atakhala pampando ataweramira kutsogolo, pa singano penipeni panada. Chubu chikakhala kumbuyo kwa munthu, mutu wake womwe ndi umene umatchinga. Singano imakhala kumanzere kwa makina, mkono wa makinawo uli kumanja, ndiye kuwala kuyenera kubwera chakutsogolo cha kumanzere. Ndinasuntha chubu kangapo konse, kuwerengetsa, kusunthanso, laputopu yanga yakale mpaka fani kumalira ngati chigayo, ndipo kamodzi magetsi anazima ndisanasunge, ntchito ya ola lathunthu inapita. Pano ndikumasunga pafupipafupi.

Pamapeto pake ndinapachika chubu chimodzi pa makina aliwonse, cholendewera pa tcheni. Pa masentimita 80 kuchokera patebulo zinandipatsa pafupifupi 700 kuphatikiza ndi kuwala kwa kumwamba kuja, pa 70 zinadutsa 750 koma apo chubu chimakhala m'maso mwenimweni, thobwa lokhalokha, komanso munthu akamadzuka akhoza kugunda mutu. Ine ndasankha 80, ndipo ndipempha wokhoma zidebe wa mumsika andipindire kalata kakang'ono kotchinga mbali yoyang'ana nkhope. Kuli bwino kupereweza pang'ono kusiyana ndi kuti munthu aziweruka maso akuwawa. Manambala onsewa ndawasiya ndi maintenance factor ya 0.8, kutanthauza kuti ndawerengera 80 pa 100 yokha ya kuwala kwa chubu chatsopano, chifukwa mushopu ya telala fumbi la nsalu limakhala pa chubu msanga, ndipo LED nayo imafooka ikamakalamba.

Pali chinthu chimodzi chimene chikundidetsabe nkhawa. Pulogalamuyi imafuna fayilo ya IES kapena LDT, imene imafotokoza mmene nyale imamwazira kuwala mbali zonse. Makampani akuluakulu ngati Philips ndi Osram amapereka mafayilo amenewa, koma machubu amene timagula m'mashopu a hadiweya kunoku alibe, ena ngakhale ma lumen salemba. Ndiye ndatenga fayilo ya chubu chofanana kutalika, mita 1.2, ndikuika 1,800 lumen. Ngati chubu chenicheni chitulutse ochepa, manambala anga onse atsika limodzi. Ndigula chimodzi kaye, ndichipachike, ndiyeze ndi app ya pafoni, ngakhale ma app amenewa sanena zenizeni ndendende, amangothandiza kufananitsa apa ndi apo.

Za mtundu wa kuwala tinakambirana pang'ono. Alamu amafuna 6500K, koyera mbee kuja poti ndi kumene kwadzaza mumsika ndipo amati kumaoneka kwamphamvu. Ine ndikukankhira 4000K, koyera kosachita mbee kwambiri, yokhala ndi CRI (muyezo wa mmene nyale imaonetsera mitundu yeniyeni ya zinthu) yosachepera 80, chifukwa iwo ntchito yawo ndi kufananitsa ulusi ndi chitenje, ndipo anandiuzapo okha kuti tsiku lina anasoka yunifolomu ya nevi ndi ulusi wakuda usiku, anadzazindikira kutacha, nkuyamba kusomola. Ngati 4000K isapezeke pa boma pano ndikayang'ana ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi.

Chatsala ndi tebulo lodulira, limenelo sindinaliyambe, komanso maswichi, ndikufuna makina aliwonse akhale ndi yake kuti akamasoka munthu mmodzi china chizikhala chozima. Waya ndiye sindigwira ndekha, abwera amagetsi odziwa ntchito yawo. Tikufuna zonse zithe sukulu zisanatsegulire mu September, nthawi imene mayunifolomu amaunjikana mpaka alamu kumaweruka usiku.