Ine ku Mzuzu, kompyuta ku Lilongwe

Abale inu, lero ndapulumukira pakamwa pa mkango. Kufika ku Mzuzu, kutsegula laputopu, lipoti la msonkhano mulibe. Latsala m'kompyuta ya kunyumba ku Area 25!

Ndinaimbira mng'ono wanga kuti aiyatse, atsegule AnyDesk, pulogalamu yolowera m'kompyuta ina uli kutali, andiwerengere manambala omwe akuoneka. Nditawalemba kuno iye n'kuvomera, basi sikirini ya kunyumba ija ili pamaso panga. Ndikuyendetsa mausi kuno, iye uko akukuwa, "Achimwene, kamuvi kakuyenda kokha!" Ndaseka mpaka misozi.

Failo ndakoka bwinobwino, ngakhale netiweki itafooka zinthu zimachita kukwawa ngati kamba. Mwayi wake magetsi anali asanazime kwathuko. Ndikabwerera ndikaikamo pasiwedi, kuti ulendo wina ndizingolowa ndekha osadikira mnyamatayu avomere.