Ku Cape Town ndondomeko imalembedwa ndi mphepo

Maulendo ambiri a anthu ogwirizana amayambira pa gulu la WhatsApp n'kufera pomwepo. Wathu wa ku Cape Town unapulumuka chifukwa cha msungichuma amene tinasankha, mayi wosadziwa kunyengerera munthu. Ananeneratu kuti yemwe sasonkha lisanafike tsiku logula matikiti a ndege adzaonera pa zithunzi. Onse aja ankati "ine ndiye musandisiye" anayamba kudwala maso, osaona mauthenga, mpaka tinatsala okwana m'galimoto imodzi ya hayala.

Nthawi inali yochepa, choncho pepala la ndondomeko tinalidzaza mpaka m'mbali. Choyamba chinali Table Mountain. Titadzuka tinapeza phirilo litafunda mtambo woyera wotsetserekera m'mapewa mwake, mitengo ya mumsewu ikuwerama. M'nyengo yotentha mzindawu umakunthidwa ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa. Mphepoyi imatenga mpweya wachinyezi wa panyanja n'kuukankhira m'mwamba mwa phiri, komwe umazizira n'kusanduka mtambo. Ikalimba, cable car, kanyumba kaja koyenda pa chingwe, sikanyamuka, kaya tikiti uli nayo m'manja. Mayi wa pamalo omwe tinkagona anangotiseka. Anati kuno phiri sulipangira tsiku: ukaona kwayera, siya tiyi pa tebulo uzipita.

Tinalowera ku Bo-Kaap, m'munsi mwa Signal Hill, kuja kuli nyumba zopaka utoto wowala, iyi yachikasu, iyo yobiriwira, inayo yapinki, ndi misewu yoyala miyala. Ambiri okhala kumeneko ndi Asilamu, ndipo mizu yawo imafika kwa akapolo ndi anthu othamangitsidwa kwawo omwe Adatchi anabwera nawo kuchokera ku Indonesia, India, Madagascar ndi kum'mawa kwa Africa. Mu Dorp Street muli mzikiti wa Auwal, wa mu 1794, wakale kuposa yonse mu South Africa. Chimene sindinakonde ndi khalidwe la alendofe. Anthu amakwera makhonde a eni kukajambulitsa, osaodira n'komwe, pamene mkatimo muli banja likudya.

Tili komweko, 12 koloko masana itakwana, kunamveka chiphokoso chogwedeza chifuwa. Mnzathu wina, chimunthu chamatama chomwe chinkati sichiopa kanthu, tinangoona chanyonyomala kuseri kwa galimoto ya eni.

"Achimwene, mwatani?"

"Aise, ndimamanga chingwe cha nsapato."

Anali atavala masilipasi. Phokosolo linali la mzinga womwe amawomba masana alionse kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi, mwambo wochokera mu 1806. Kalelo oyendetsa sitima za pamadzi ankakonzera mawotchi awo pa mzingawo.

Mkangano weniweni unabuka pa nkhani ya Robben Island, chilumba chomwe kale chinali ndende ya akaidi a ndale. Ena anati sanasonkhe ndalama zawo kuti akaone ndende, iwo akufuna masitolo a ku V&A Waterfront. Enafe tinati kubwerera osapondako kuli ngati sunafike. Mawu anayamba kukwera, ndipo msungichuma uja anadula mlandu: aliyense apite komwe mtima wake uli, tikumana madzulo. Ine ndimati apa m'pamene ulendo wathu unachira. Pali chikhulupiriro choti anthu akanyamukira limodzi ayenera kupondana zidendene mpaka kubwerera, ndipo n'chimene chimadanitsa mabwenzi pa ulendo waufupi, poti ola lililonse limene wina wakondwa, wina amaliwerenga ngati lobedwa. Mwayi wake, boti la ku chilumbacho limanyamukira pa Waterfront pomwepo, ndiye tinasiyana pakhomo la sitolo popanda wokwiya.

Pa chilumba amakukwezani basi kaye. Imaima pa kanyumba komwe Robert Sobukwe, mtsogoleri wa Pan Africanist Congress (PAC), chipani chomwe chinkalimbana ndi boma la tsankho, anasungidwa yekhayekha kuyambira 1963 mpaka 1969. Chilango chake anali atamaliza, koma boma linakonza lamulo lapadera loti lizimusungabe. Kenako imafika pa mgodi wa laimu, pomwe akaidi ankaswa miyala. Ngakhale lero kuwala kwa thanthwe loyeralo kumalasa m'maso, ndipo sudabwa kumva kuti maso a Nelson Mandela anawonongekera pamenepo. Pakhomo pa mgodiwo pali mulu wa miyala womwe akaidi akale anaunjika atabwerako mu 1995, aliyense kuikapo wake.

Mkati mwa ndende anatiyendetsa bambo wachikulire amene anamangidwapo momwemo. Sankakweza mawu. Anatisonyeza chikwangwani cha kagawidwe ka chakudya: akaidi achimwenye ndi makaladi mzere wawo, akuda mzere wawo, shuga ndi nyama zocheperapo. Ngakhale zovala zinali ndi tsankho, poti akuda ankawaveka makabudula ngati anyamata, m'chilumba chozizira chotero. Ndinkayembekezera kuti chindikhudze ndi chipinda cha Mandela, mkaidi nambala 466/64, yemwe anakhala pa chilumbachi zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake. Chipindacho ndinachionadi, kachipinda koti munthu wamtali akagona mutu ndi mapazi zimayandikira makoma, muli mphasa, bulangete ndi chidebe. Koma anthu amadutsapo mothinana, aliyense foni m'mwamba, wa kumbuyo akukukankha. Chimene chinandikhala mumtima ndi chikwangwani chija, kuganiza kuti munthu wophunzira anakhala pa desiki n'kuwerengera masupuni a shuga potengera khungu.

Madzulo tinakumana monga mwa pangano. A kumasitolo anabwera ndi majumbo, ife tinabwera ndi nkhani, ndipo chakudya chinazizira tikucheza. Tikanapita tonse malo amodzi, bwenzi aliyense ali pa foni yake.

M'mawa wina tinadzuka kuli zii, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Tiyi tinamusiyadi. Cable car ya pa Table Mountain inayamba kuyenda mu 1929, ndipo zomwe zilipo tsopanozi pansi pake pamazungulira, kotero palibe chifukwa cholimbirana zenera. Pa mphindi ngati 5 umakhala wafika pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja, ndipo kumazizira ngakhale kumunsi kukutentha. Mbira zimangodziothera dzuwa pa miyala, zosasamala za anthu. Uli pamenepo Robben Island imaoneka pafupi zedi, kadontho m'madzi. Mmodzi wa a kumasitolo aja anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikoka dzanja nati, "Achemwali, tandiuzaninso za bambo wa kanyumba uja."

Zotsalazo tinazithamangira tsiku limodzi pa galimoto. Msewu wa Chapman's Peak anausema m'mbali mwa thanthwe, nyanja ili m'munsi, ndipo woyendetsa wathu analetsa aliyense kumuuza kuti "taona uko". Ku Boulders Beach, pafupi ndi Simon's Town, tinakaona ma penguin, mbalame zosauluka zoyenda modzikoka, zolira ngati abulu. Kuseka umaseka, koma mtundu umenewu uli pangozi yaikulu yotha, mwa zina chifukwa nsomba zomwe umadya zachepa m'nyanja. Ku Cape of Good Hope tinaima pa mzere wojambulitsa pa chikwangwani, mphepo ikutivula zipewa. Ambiri pa mzerepo ankauzana kuti afika kumathero a Africa, chikhalirecho nsonga ya kum'mwera kwenikweni ili ku Cape Agulhas, ulendo wa maola angapo chakum'mawa.

Pobwerera tinaima ku Camps Bay kuti amene ananyamula zosambira asabwerere nazo zouma. Mchenga woyera, dzuwa likuswa mtengo, koma m'madzi muli anthu owerengeka. Mbali imeneyi ndi ya Atlantic, ndipo mphepo yomwe ija imakankhira kutali madzi ofunda a pamwamba, n'kukwera ozizira a pansi pa nyanja. Achimwene a masilipasi aja anathamanga n'kulowa mpaka m'mawondo, n'kutuluka liwiro loposa lolowera. Titawafunsa, anati anakumbukira kuti foni ili m'thumba. Foniyo n'kuti ili m'manja mwanga, ndikuwajambula nayo.