Tsiku lomwe khonde langa linameza apongozi

Khonde lija ndinkalinyadira kuposa nyumba yeniyeniyo. Linali kuseri, kwathu ku Area 25, njerwa zake zoyala molukana ngati mphasa, moti mlendo aliyense ndinkamudutsitsa kumeneko ngakhale wangobwera kudzabwereka machesi.

Mvula itayamba mu Disembala, pakati pake panayamba kudikha madzi. Ndinati nzazing'ono. Mu Januwale tiyi anayamba kupendekera mbali imodzi m'kapu. Ndinati tebulo ndi lopindika, n'kulitsamiritsa ndi kachikatoni.

Kenaka kunabwera apongozi anga aakazi kuchokera ku Dedza, ndi thumba la kachewere. Ndinawaikira mpando wapulasitiki pamalo aulemu, pakatikati penipeni, ine n'kukanjuta chapatali monga mkamwini woleredwa bwino. Ali mkati modandaula za mtengo wa feteleza, ndinaona kuti akufupika. Miyendo yakumbuyo ya mpando inkatitimira pamodzi ndi njerwa, iwo osaleka nkhani. Kenaka khuu! Chagada, patapata imodzi ili pamwamba pa mpanda.

Tsono mkamwini sagwira apongozi. Ndinangozungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira, kwinaku ndikukuwa, "Make Chisomo! Amayi akumira!"

Atawadzutsa, anakonza duku lawo bwinobwino, n'kuyang'ana kumbali. "Mwana wanga, tawafunsa abambowa, pamenepa anakwirirapo ndani?"

M'mawa mwake aneba anasanduka madokotala. Wina anati ndi chiswe. Tinazula njerwa zinayi, chiswe osachiona, timisewu take ngakhale kamodzi. Wina anati paipi yaphulika pansi. Ndinatseka mipopi yonse n'kukagwada pa mita ya madzi theka la ola, kuyang'anitsitsa ngati ndikupemphera, koma sinazungulire. Mayi wina wa mapemphero anati pamenepo pali zoyipa zomwe adani anakwirira. Iyeyu ndiye anayandikirako, kungoti adaniwo analipo ambiri.

Amene anamasula nkhani ndi agogo ogulitsa zitumbuwa pakona. "Pamenepo? Mpomwe anakumba dothi loumbira njerwa za nyumba yanuyo. Dzenje lake munthu ankabisikamo. Kenaka mudzi wonse uno tinkatayamo zinyalala, ngakhale ine."

Ndinaitanitsa mmisiri amene anayala khondelo, yemwe sabata yonse ndinali nditamunyoza kuti ndi wakuba. Anabwera pa njinga, n'kuponda pamalopo kawiri, njerwa n'kulira kuti tswa tswa.

"Bwana, paja ndinati tikumbe kaye mpaka tipeze dothi lolimba, tithire kwale, titsendere. Inu munati kwale ngodula, dothi la ku Lilongwe ndi katondo, silisuntha."

Ananena izi mayi a kunyumba ali pomwepo, atanyamula beseni.

"Bambo a Chisomo, nanga ndalama ya kwale ndinakupatsani ija?"

Ndalama ija inali pabalaza, ikuimba. Ndinagulira sipika. Ndinawerama n'kuyamba kuwerenga njerwa.

Tinazula zonse n'kuziunjika pambali. Fosholo italowa, kunatuluka mbiri ya dera lonse: majumbo, zitsononkho, tayala la njinga, poto wobooka, mabatire a wailesi, ndi nsapato za kumanzere zokhazokha zitatu. Mmisiri anandifotokozera ngati mwana wa sitandade 1 kuti zinyalala zikamawola zimaphwa, dothi lothira osatsendera likamwa madzi limakhazikika, ndipo zapamwamba zimalondola. Anandionetsanso malata anga, omwe madzi ake onse ankagwera pakhondepo.

Tinakumba mpaka m'chiuno kuti tipeze dothi loti piki idunde. Kukwirira kwake ndiye chilango. Dothi timathira pang'ono, masentimita 10 kapena 15, kuwaza madzi, kutsendera, kenaka kuthiranso. Makina otsendera ndinati ngodula kubwereka. Ndinaona mmisiri akuyang'ana mayi a kunyumba, koma ulendo uno anandilekerera, chifukwa wotsendera ndinali ine. Ndinatenga munsi wa kukhitchini n'kusinja pansi masiku atatu, ana a aneba atakwera mpanda akundifunsa ngati mgaiwa watsala pang'ono kupsa. Munsiwo unang'ambika, ndinagula wina.

Pamwamba tinathira kwale, yemwe anali atakwera mtengo, kenaka mchenga wa kumtsinje wochepa chabe, n'kuyalanso njerwa. Mmisiri anaika levulo n'kupendeketsa khonde dala, masentimita 2 pa mita iliyonse, kuti madzi azithawa nyumba. M'mbali anamanga ndi simenti kuti njerwa zisamayende, madzi a padenga n'kuwakumbira ngalande yawoyawo. Sipika ndinagulitsa.

Apongozi anabweranso nthawi yokolola itatha. Ndinawaikira mpando watsopano wathabwa, ndinadumphapo kaye katatu iwo akuona. Anathokoza kwambiri, anayamikira kuti khonde lakongola, kenaka anatulutsa mkeka womwe anachoka nawo ku Dedza n'kukayala patsinde pa mango.