Peugeot ya bambo ndaipaka mtundu wa ku Chikangawa

Loweruka lapitali ndinaimika galimoto pafupi ndi msika wa Mataifa kuti ndikagule anyezi ndi tomato. Pobwerako ndinapeza bambo wina wachikulire, mutu uli mbuu ndi imvi, ataika chikhatho pa boneti ngati mmene mayi amamvera kutentha kwa mwana. Moni sanandipatse. Anangoti, "Mwana wanga, imeneyi inali ya ndani?" Ndinati inali ya malemu bambo anga. Anaizungulira kawiri, n'kusuzumira mkati, kenako anati, "Mwaisamala. Koma mtunduwu si wake."

Sanalakwe. Kufakitale inatuluka ili yoyera, ine ndaipaka wobiriwira. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri miyezi yapitayi, ndiye ndati ndifotokoze kamodzi chifukwa chake.

Galimotoyi ndi Peugeot 404 ya pikapu, ija akuluakulu amangoti Pijo. Bambo kwawo kunali ku Dedza, ntchito ndi imene inawabweretsa ku Mzuzu ine ndisanabadwe. Atapuma pantchitopo anagula pikapuyi kwa munthu amene anali ataiyendetsa kale zaka zambiri. Ndi imene inatilera. Inkatsika ku Nkhata Bay m'bandakucha kukatenga usipa ndi nthochi, inkanyamula matabwa, maliro ambiri a m'dera lathu anapita kumanda pa iyo, ngakhalenso akwati. Bambo atatisiya inangoyenda chaka chimodzi injini n'kugwira. Tinaikankhira kuseri kwa nyumba ku Chibavi, n'kuikweza pa njerwa, ndipo inakhala pomwepo zaka 14. Nkhuku zinkaikira mazira pampando. Ogula zitsulo zakutha anabwera kangapo ndalama zili m'manja, amayi n'kuwabwezera pageti.

Achinyamata amadabwa akaona akuluakulu akuima chifukwa cha galimoto yakale chonchi. 404 anayamba kuipanga ku France mu 1960, ndipo maonekedwe ake anajambula ndi a Pininfarina a ku Italy, koma dzina inapangira kuno ku Africa. Inapambana mpikisano wa East African Safari Rally kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'misewu ya matope ndi fumbi yonga yathu ya masiku amenewo. Ku Ulaya atasiya kuipanga, ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991. Mwina n'chifukwa chake sipeya zambiri sindinazipeze ku Joni monga ndinkaganizira. Zinabwera kudzera pa Songwe, m'zikwama za amalonda opita ku Dar es Salaam. Ndinkawatumizira chithunzi pa WhatsApp, chitsulo chakuthacho nditachigoneka pambali pa rula kuti aone kukula kwake.

Injini sinativute kwenikweni. Ndi ya petulo, 1,618 cc, yokhala chopendekera mbali imodzi, ndipo mukatsegula boneti zonse zili poyera, dzanja limafika paliponse. Makanika wanga, mkulu wa ku Luwinga amene ndimamuitana kuti adada, anaiphwasula, anasintha maringi ndi magasiketi, kabuleta n'kuitsuka m'beseni. Patatha masabata asanu inalira.

Chimene chinatidya nthawi ndi dzimbiri. Aliyense wokhala ku Mzuzu amadziwa chinyezi cha kuno, mawawa aja a mu Juni amene sanyowetsa kwambiri koma amalowa paliponse. Titachotsa mphira wa pansi, mbali ya dalaivala inali ngati sefa, udzu ukuoneka kudzera m'mabowo. Mmisiri wowongola magalimoto anatenga kahamala kakang'ono n'kumagogoda thupi lonse, khutu lili pafupi ndi chitsulo. Pamene panalira kuti ngwe ankadutsa, pamene panalira mogontha ankajambula ndi choko. Pomaliza galimoto yonse inali mizere ya choko. Ine ndinafunsa ngati sitingangomata fila kuti ntchito ifulumire. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, fila amabisa bala, sachiritsa. Mvula ziwiri, litulukanso." Tinadula monse mowola n'kuwotcherera chitsulo chatsopano, chigamba ndi chigamba, miyezi itatu.

Tsiku limene tinazula mpando ndi limene linasintha maganizo anga. Kuseri kwake, m'fumbi ndi mamba ouma a usipa, munali kandalama ka 1 tambala, kaja ka tambala mbali ina, nkhope ya Kamuzu mbali inayo. Munalinso khadi la chipani la bambo, lopindidwa bwino m'kapepala ka pulasitiki. Masiku amenewo wopanda khadi ankabwezedwa pakhomo pa msika ngakhale pa basi, ndiye bambo ankalisunga m'galimoto kuti asaliiwale. Ndinakhala pansi m'galajamo nditagwira zinthu ziwirizi. Kufikira tsikulo ndinkafuna kuibwezera mmene inatulukira ku France. Koma galimoto ya ku France ija sindinaionepo. Imene ndikuidziwa ine ndi ya usipa, ya matabwa, ya bambo. Zakale zimene ndinkazifuna zinali zathu zomwe.

Pa nkhani ya mtundu tinakangana ndi adada sabata yathunthu. Iwo ankati galimoto yakale imalemekezeka ndi mtundu wake wobadwa nawo. Anthu a m'magulu a magalimoto akale pa Facebook ananenanso zomwezo, ena mpaka kulemba kuti ndaiwononga. Mfundo yawo ndimaimva: wofuna kudzagulitsa, galimoto yosasinthidwa ndi imene imakwera mtengo. Koma iyi sidzagulitsidwa ine ndili moyo. Komanso kuyera kumene akunenako sindikukumbukira, chifukwa nthawi zonse inali yofiira ndi dothi. Chimene ndimakumbukira ndi ulendo wa ku Dedza pa holide, titagona chagada pa matumba kumbuyo, mitengo ya paini ya ku Chikangawa ikudutsa pamwamba pathu osatha. Nkhalango imene ija inali mahekitala pafupifupi 53,000. Lero mukadutsa pa M1 malo ambiri ndi zitsa ndi mapiri opserera, ndipo zimandipweteka mtima ulendo uliwonse. Ndinafuna kuti mtundu umene uja ukhalepo penapake.

Ndinathyola kanthambi ka paini n'kupita nako kwa wosakaniza penti. Tinayesa kanayi pa chitseko chakutha. Woyamba unali wowala ngati msipu wa dzinja, wachiwiri unkapita kukuda. Wachinayi ndi umene ndinati ndi womwewu, wobiriwira wozama wa mitengo ija dzuwa lisanatuluke. Denga ndi marimu tinapaka mtundu wa mkaka. Apa ntchito inaima nthawi yaitali, chifukwa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene ndinasunga ya penti sinakwanenso. Nditaipeza, wopopera anakana kugwira ntchito nthawi yozizira. Anati penti wopopera m'chinyezi amachita mtambo, sawala. Tinadikira mpaka Okutobala, kutentha kutafika.

Mkati ndi mmene ndinaikamo mtima wanga wonse. Mpando wake ndi umodzi wautali wokhala anthu atatu, popeza giya ili pa chiwongolero, osati pansi. Anausoka ndi mnyamata wina wopanga masofa ku Chibavi komweko, amene anali asanasokepo mpando wa galimoto. M'mbali anaika chikopa chabulauni, pakati n'kudutsitsa chitenje. Chitenjecho si chatsopano. Ndi cha amayi, chimene ankayala pampando womwewu kuti chikopa chisawawotche masana. Nditawapempha anatsegula sutikesi osanena kanthu, n'kuchitulutsa pansi penipeni. Pamwamba pake tinaika pulasitiki yopyapyala kuti chisathe msanga, ngakhale ndikuvomera kuti imachepetsa kukongola kwake.

Wailesi ndinasiya yomweyo ya mabatani awiri opotokola, imene bambo sankaisuntha pa MBC, poti nyumba youlutsira mawu ya m'dziko muno inali yokhayo. Siigwiranso ntchito, koma kuseri kwake tinabisa kachipangizo ka Bluetooth, moti nyimbo za m'foni zimamveka ngati zikuchokera m'wailesi yakaleyo. Kandalama kaja ndinakamata pa dashibodi. Khadi ndinapatsa amayi.

Kumbuyo tinamanga zitsulo ndi matabwa a paini opaka vanishi, monga ankachitira a matola kale. Pa chitseko cha kumbuyo sindinafune stika ya pa kompyuta. Ndinafunafuna munthu wolemba zikwangwani za magolosale ndi burashi, ndipo ndinamupeza ku Zolozolo. Anajambula kaye ndi choko, dzanja lamanzere litachirikiza lamanja, kenako n'kulemba ndi penti wa mtundu wa mkaka mawu a Chitumbuka amene bambo anaphunzira atangofika kuno n'kumawanena pa chilichonse: Pachoko Pachoko, kutanthauza pang'onopang'ono. Chilembo chomaliza chinapendekera pang'ono. Anafuna kufufuta, ine ndinamuletsa.

Pali zimene ndinakana ngakhale anzanga anandikakamiza. Marimu onyezimira a masiku ano, ayi. Kuitsitsa kuti izikwawa pansi, ayi, misewu ya ku Mchengautuwa nthawi ya mvula singalole. Ambiri anati ndichotse injini ndiike ya Toyota, yosavuta sipeya komanso yosamwa mafuta. Kunena zoona malangizowo ndi anzeru, ndipo amene wachita zimenezo pa galimoto yake sindimunyoza. Koma kulira kwa injini iyi ndi kumene tinkamva tili m'nyumba, n'kudziwa kuti bambo akhota pa kona, tithamange tikatsegule geti. Kumeneko sindingakusinthanitse ndi malita angapo a petulo.

Zokhudza moyo wa anthu zokha ndi zimene sindinaumirire zakale. Mapaipi onse a mabuleki ndi atsopano. Ndinaika malamba a pampando, magetsi owala bwino chifukwa cha nkhungu ya kuno, ndipo mawaya onse tinasintha popeza makoswe anali atawadya. Inapita kukayezedwa ngati galimoto ina iliyonse, COF, chiphaso chotsimikiza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, n'kutuluka.

Ulendo woyamba wautali unali wa ku Nkhata Bay, makilomita pafupifupi 50 otsetsereka ndi okhotakhota. Adada anakhala kukhomo khutu lili ku injini, amayi pakati. Potsika ndinkagwiritsa ntchito giya kuposa mabuleki, monga bambo ankachitira. Amayi sanalankhule njira yonse, dzanja lawo linali pa chitenje chija, akuchisisita. Nyanja itayamba kuoneka patsogolo anandigwira pabondo n'kunena kuti, "Imani apa, mwanawe. Bambo ako ankagula nthochi pamenepa."

Ndinaima. Tinagula mikoko iwiri n'kuiponya kumbuyo, ndipo utomoni wake unadetsa matabwa atsopano aja. Banga lake lilipobe mpaka lero, sindinalichotse.